Waluso akalakwa, matimu amafunsa mtengo osati mlandu

Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mwini nyumba amangomuyang'ana, chibonga chili m'manja, poopa kuswa mkhate wake womwe. Zotere ndi zimene zinachitika m'dziko la America pakati pa 2021 ndi 2022, pamene matimu a mpira wa kumeneko ankalimbirana wosewera wina, Deshaun Watson, pomwe amayi oposa 20 anali atamusumira kubwalo la milandu ponena kuti anawachita chipongwe.

Kwa chaka chathunthu nkhani ya Watson inali m'kamwam'kamwa. Lero mphekesera inkati akupita ku Miami, mawa ku Carolina, mkuja ku Philadelphia. Koma mukatchera khutu bwino, manong'onong'o onsewa ankazungulira pa funso limodzi: kodi milanduyi yatsitsa mtengo wake ndi zingati? Madandaulo a amayiwo anasanduka ngati kachilema kapankhuku kamene wogula amaloza pamsika pofuna kunenerera. Mchitidwe umenewu ndi woipa, ndipo eni matimu, akuluakulu a ligi, atolankhani ndi ochemerera onse ali ndi mbali yawo pamenepa.

Mpira tikukamba pano si wamiyendo umene tinauzolowera. Ndi uja osewera ake amavala zipewa zolimba ndi zotchinjiriza mapewa, mpira wake wosongoka uku ndi uku, ndipo nthawi zambiri umakhala m'manja. Ligi yake yaikulu ndi National Football League, mwachidule NFL, ndipo ili ndi matimu 32. Kumeneko timu ikafuna wosewera wa timu ina siwerenga ndalama n'kupereka kwa inzakeyo monga zimakhalira kumpira wamiyendo. Amachita kusinthana.

Chaka chilichonse mu Epulo matimu amasankha anyamata aluso ochokera m'makoleji pamwambo wotchedwa draft. Mwambowu uli ndi ndime 7, ndipo timu imene yachita moipa kwambiri ndiyo imayamba kusankha. Mwayi wosankhawu ndiwo ndalama ya pamsika wa osewera. Timu yofuna katswiri imapereka mwayi wake wa chaka chimenecho kapena wa zaka zam'tsogolo. Mwayi wa ndime yoyamba ndiwo wamtengo wapatali. Wopereka itatu motsatizana ali ngati mlimi amene wagulitsa mbewu ya zaka zitatu.

Pa osewera onse, wofunika kwambiri ndi amene amatchedwa quarterback. Ameneyu ndiye amalandira mpira masewera akamayambika, n'kuona kofooka kwa adani, n'kuuponya kwa anzake. Timu yopanda quarterback wabwino ili ngati minibasi yopanda dalaivala. Akatswiri enieni apamalowa ndi ochepa, sakwana n'komwe matimu onse 32, n'chifukwa chake amene ali naye amamugwiritsa zolimba.

Watson anali mmodzi mwa ochepawo. Anabadwa mu 1995 ku Gainesville m'chigawo cha Georgia, ndipo anakulira m'banja losauka, m'nyumba imene anamangiridwa ndi bungwe la Habitat for Humanity. Mu Januwale 2017 anatsogolera koleji ya Clemson kutenga chikho cha makoleji a dziko lonse atagonjetsa Alabama. Chaka chomwecho timu ya Houston Texans inamusankha pa nambala 12. Malipiro a masewera ake oyamba anawapereka kwa amayi atatu ogwira ntchito kumalo odyera a timuyo, omwe katundu wawo anaonongeka ndi namondwe wotchedwa Harvey. Anthu ankamutchula ngati chitsanzo kwa achinyamata.

Mu Sepitembala 2020 anasaina mgwirizano wa zaka zinayi wa $156 miliyoni, ndipo chaka chimenecho anaponya mpira mtunda wa mayadi 4,823, kuposa aliyense mu ligi. Koma timu yake inapambana masewera 4 okha mwa 16. Pofika Januwale 2021 anali atakhumudwa ndi kayendetsedwe ka zinthu ku Houston, makamaka mmene analembera ntchito bwana watsopano Nick Caserio, ndipo anapempha kuti amusinthe timu. Apa m'pamene mphekesera zinayambira, ndipo pa nthawiyo zinali za mpira basi.

Zinthu zinatembenuka pa 16 Malichi 2021, pamene loya wa ku Houston, Tony Buzbee, anakasuma m'malo mwa mayi wina wogwira ntchito yotikita minofu. Pasanathe mwezi milandu inafika 22, ndipo pofika Juni 2022 inali 24. Amayiwo ankanena nkhani zofanana: kuti Watson ankawaitana kudzamutikita minofu monga amachitira anthu amasewera, kenako n'kuyamba kuwachita zosayenera, ena mpaka kuwakakamiza zadama. Watson anakana milandu yonse. Maloya ake anati ngati panachitika kanthu ndi ena mwa amayiwo, zinali zogwirizana.

Munthu angaganize kuti apa msika ukanayamba watsekedwa mpaka nkhani itaoneka mutu wake. Sizinatero. Chaka chonse cha 2021 Watson anakhala m'kaundula wa Houston osasewera ngakhale mphindi imodzi, uku akulandira malipiro ake oposa $10 miliyoni. NFL ili ndi mphamvu yoimika wosewera pomwe ikufufuza, koma sinaigwiritse ntchito. Matimu anapitiriza kuimba mafoni. Tsiku lomaliza losinthana osewera, 2 Novembala 2021, likuyandikira, mphekesera yoti Miami Dolphins yatsala pang'ono kumutenga inakula zedi moti mwini timuyo, Stephen Ross, analoledwa kulankhula ndi Watson. Malondawo sanatheke, koma kwa milungu yambiri quarterback wachichepere wa Miami, Tua Tagovailoa, ankangofunsidwa za munthu amene akubwera kudzamulanda malo.

Mphekesera zotere sizigwa kumwamba. Amazibzala ndi anthu amene ali ndi cholinga. Timu yogulitsa imanong'oneza mtolankhani kuti ofuna katundu ndi ambiri, kuti mtengo ukwere. Timu yogula imanong'oneza kuti ikuda nkhawa ndi khalidwe la wosewerayo, kuti mtengo utsike. Woimira wosewera amanong'oneza kuti mnyamata wake akufuna kwakutikwakuti, kuti enawo achite changu. Nthawi zina timu imatulutsa dala mphekesera pofuna kuona ngati ochemerera ake angakwiye kapena ayi. Onsewa amalankhula mosatchulidwa maina. Amayi osuma aja analibe wowanong'onezera nkhani pamsika umenewu, ndipo m'malipoti ambiri ankangotchulidwa ngati "mavuto akunja kwa bwalo".

Tsiku limene linaulula zonse ndi 11 Malichi 2022. Ku America kuli gulu la nzika wamba lotchedwa grand jury, limene limaunika umboni mseri n'kugamula ngati munthu akuyenera kuzengedwa mlandu ndi boma. Tsikuli gulu lotere m'boma la Harris linagamula kuti Watson asazengedwe. Milandu ya amayi 22 yofuna chipukuta misozi inali ikadalipo, kafukufuku wa NFL anali asanathe, koma kwa eni matimu zimenezo sizinali kanthu. Chomwe ankafuna kudziwa n'chakuti munthuyo sapita kundende. Pasanathe sabata, matimu anayi, Carolina Panthers, New Orleans Saints, Atlanta Falcons ndi Cleveland Browns, anali atakumana naye. Poti mgwirizano wake unkamupatsa mphamvu yokana timu imene sakuifuna, anali matimuwo amene ankadzifotokoza kwa iye ngati anyamata ofunsira mbeta.

Pa 17 Malichi a Cleveland anauzidwa kuti agwa pampikisanowu. Mawa lake Watson anasankha Cleveland yomweyo. Chomwe chinasintha usiku umodzi ndi ndalama: $230 miliyoni pa zaka zisanu, yonse yotsimikizika, kaya asewere bwino, kaya avulale. Pa nthawiyo panalibe wosewera m'mbiri ya NFL amene analonjezedwapo ndalama yotsimikizika yochuluka chotero. Ndalamayi inkaposa $208.2 miliyoni imene timu iliyonse inkaloledwa kuonongera osewera ake onse m'chaka cha 2022. Pamwamba pa izo, Cleveland inapatsa Houston mwayi wake wa ndime yoyamba wa 2022, 2023 ndi 2024, kuphatikizapo ina itatu ya ndime zapansi.

Pali zinthu ziwiri pamalondawa zimene siziyenera kuiwalika. Choyamba, malipiro enieni a Watson a chaka cha 2022 anaikidwa pa $1 miliyoni ndi pang'ono chabe, pomwe pafupifupi $45 miliyoni anailandira ngati ndalama yosainira. Wosewera akaimitsidwa amadulidwa kuchokera pamalipiro enieniwo. A Cleveland anati umu ndi mmene amalembera migwirizano yawo ikuluikulu, koma zotsatira zake zinali zoti chilango chilichonse chikanangomukanda pakhungu. Chachiwiri, timuyo inati inafufuza mozama za khalidwe lake kwa miyezi ingapo, koma sinalankhule ndi mmodzi yemwe mwa amayi osumawo. Bwana wa timuyo, Andrew Berry, anati maloya anawalangiza kuti asatero poopa kusokoneza kafukufuku. Nyakwawa imene yamva mbali imodzi n'kugamula, kumudzi sitiitcha yofufuza mozama.

Pofuna chilungamo, tiyenera kunena kuti grand jury yachiwiri, ya m'boma la Brazoria, nayonso inakana kuti Watson azengedwe mlandu pa 24 Malichi 2022. Boma silinamuzenge mlandu uliwonse pankhanizi. Koma nkhani sinathere pomwepo. Mu Juni 2022 nyuzipepala ya New York Times inalemba kuti Watson anapangana zotikitidwa minofu ndi amayi osachepera 66 m'miyezi 17. Mwezi womwewo anagwirizana kunja kwa bwalo ndi amayi 20, ndipo pofika Ogasiti anali atatero ndi 23. Mu Julayi timu ya Houston nayo inagwirizana ndi amayi 30 omwe ankati timuyo inalekerera khalidwe la wosewera wake.

Pa 1 Ogasiti 2022, Sue L. Robinson, jaji wopuma amene ligi ndi bungwe la osewera anamusankha kuti aziweruza nkhani za khalidwe, anapeza kuti umboni unali wokwanira kuti Watson anaphwanya malamulo a ligi pa amayi anayi amene nkhani zawo zinabweretsedwa pamaso pake. Anamuimitsa masewera 6. NFL inachita apilo, ndipo pa 18 Ogasiti mbali zonse zinagwirizana masewera 11, chindapusa cha $5 miliyoni komanso kuti akalandire uphungu. Pamalipiro ake anadulidwa ndalama yosafika $700,000. Tsiku lomwelo Watson anauza atolankhani kuti iye akuimabe pa mawu ake oti ndi wosalakwa.

Kuti tione chimene matimu amachiopa kwenikweni, tiyang'ane wosewera wina, Antonio Brown, katswiri wowakha mpira wa Pittsburgh Steelers. Kuyambira 2013 mpaka 2018, chaka chilichonse ankawakha mipira yoposa 100. Koma kumapeto kwa 2018 anayambana ndi quarterback wake Ben Roethlisberger, anajomba kokonzekera, ndipo sanasewere masewera omaliza a chakacho. Mu Malichi 2019, patadutsa mphekesera yoti akupita ku Buffalo imene mwini wake anaitsutsa poyera, anamugulitsa ku Oakland Raiders ndi mwayi wa ndime yachitatu ndi yachisanu basi. N'zoona kuti anali ndi zaka 30 pomwe Watson anali ndi 26, ndiponso wowakha salingana mtengo ndi woponya. Komabe mtengo umenewo unali wotaya, ndipo chomwe chinaugwetsa ndi mbiri yoti ndi wovutitsa mabwana.

A Raiders anamuchotsa pa 7 Sepitembala 2019 asanasewere ngakhale kamodzi, atakangana ndi bwana Mike Mayock pa nkhani ya chindapusa. New England Patriots inamutenga nthawi yomweyo. Pa 10 Sepitembala mayi wina amene ankamuthandiza zolimbitsa thupi anamusumira kuti anamugwiririra, zomwe Brown anakana, koma pa 15 Sepitembala anali m'bwalo akusewera. Anamuchotsa pa 20 Sepitembala phokoso litakula, zitamveka kuti watumiza mauthenga oopseza kwa mayi wina. Mu 2020 ligi inamuimitsa masewera 8, koma Tampa Bay Buccaneers inamutenga, ndipo anatenga nayo chikho cha Super Bowl mu Febuluwale 2021. Mu Disembala 2021 anaimitsidwa masewera atatu chifukwa chonama za katemera wa Covid-19, timu n'kumusungabe. Chomwe chinamuthera ntchito ndi cha pa 2 Januwale 2022, pomwe anavula yunifolomu masewera ali m'kati ndi New York Jets n'kutuluka m'bwalo. Kuchokera tsikulo sanasewerenso mu NFL.

Nkhani ziwirizi zikuonetsa sikelo imene matimu amayezera khalidwe. Kulakwira bwana, kujomba kapena kuchititsa timu manyazi pakanema ndi mlandu waukulu. Kusumiridwa ndi anthu akunja, makamaka amayi opanda dzina, ndi vuto loti maloya ndi olankhulira timu aone chochita. Mawu oti "mavuto akunja kwa bwalo" amaika m'dengu limodzi wochedwa kuntchito, woyendetsa galimoto mothamanga ndi woganiziridwa kuti wagwiririra munthu, ngati kuti zonsezi n'zolemera mofanana.

Alipo amene amati munthu ndi wosalakwa mpaka bwalo litamupeza wolakwa. Akunena zoona, ndipo lamulo limeneli limatiteteza tonse. Koma ntchito yake ndi kuletsa boma kutsekera munthu popanda umboni. Silikakamiza mwini timu kupereka $230 miliyoni, ndiponso silimuletsa kudikira. Sukulu imene yamva madandaulo 22 okhudza mphunzitsi wofunsira ntchito siyembekeza kuti ayambe wamangidwa kuti ichite mantha. Cleveland sinafunsidwe kuti igamule mlandu. Inangofunika kuleza mtima miyezi isanu kufikira ligi itamaliza kufufuza, ndipo inalephera chifukwa choopa kuti ena aipitirira.

Ena amati aliyense ayenera kupatsidwa mwayi wachiwiri. Izinso n'zoona, ndipo palibe akufuna kuti munthu afe ndi njala chifukwa cha mbiri yake. Koma mwayi wachiwiri umabwera munthu atavomera, atalipa, n'kuonetsa kusintha. Zimene zinachitika kwa Watson kunali kukwezedwa malipiro nkhani isanathe, kuchoka pa $39 miliyoni pachaka kufika pa $46 miliyoni. Ndiponso mwayi umenewu m'ligiyi sugawidwa molingana. Wosewera wapabenchi akamveka ndi nkhani yotere, kawirikawiri amachotsedwa msanga, timu n'kutulutsa chikalata chodzitama kuti siisekerera khalidwe loipa. Chifundo chimene chimayang'ana kaye luso la munthu ndi malonda chabe.

Mawu omaliza a oikira kumbuyo matimu ndi akuti ntchito ya timu ndi kupambana, osati kulalika. Ngakhale pa sikelo yawo yomweyo, malonda a Watson anali chikomekome cha nkhuyu. M'zaka zitatu zoyamba ku Cleveland anasewera masewera 19 okha mwa 51: 6 mu 2022, 6 mu 2023 asanavulale phewa, ndi 7 mu 2024 asanaduke mtsempha wa pachidendene mu Okutobala. Baker Mayfield, quarterback amene anamukankhira kunja kuti Watson apeze malo, anakadzuka ku Tampa Bay n'kuitsogolera kukhala pamwamba m'gulu lake mu 2023 ndi 2024. Atlanta, imene inangoyesa nawo mpikisano, inatsazikana ndi Matt Ryan amene anaitumikira zaka 14. Houston inamanga timu yatsopano ndi mwayi uja, ndipo mu Januwale 2024 inaswa Cleveland 45-14 m'masewera achipulula. Mu Malichi 2025 mwini timu ya Cleveland, Jimmy Haslam, anavomera poyera kuti malondawo anali olakwika.

Komabe kulephera kwa Watson m'bwalo si umboni woti malondawo anali oipa. Akanakhala kuti watenga zikho ziwiri, akanakhalabe oipa chimodzimodzi. Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri amene akudzudzula Cleveland lero akudzudzula chifukwa inaluza, ndipo timu ikanapambana bwenzi nkhani ya amayi aja itakwiriridwa. Ngakhale mwini timu pakuvomera kwake ankakamba za quarterback amene sanamupeze ndi mwayi wa draft umene anautaya.

Njira yokonzera zinthu ilipo ndipo si yovuta. Ligi iyenera kukhazikitsa lamulo loti wosewera amene akufufuzidwa pa nkhani ya nkhanza kwa munthu wina asasinthidwe timu kapena kusaina mgwirizano watsopano mpaka kafukufuku atatha, ndipo kafukufukuyo akhale ndi malire a nthawi. Wa Watson anatenga pafupifupi chaka ndi miyezi isanu, nthawi yokwanira kuti mphekesera zibadwe, zikule, zibale zinzake. Chilango cha ndalama chiziwerengedwa kuchokera pa mgwirizano wonse, kuti pasakhale kubisa chuma m'ndalama yosainira. Lamulo lotere lingatetezenso wosewera wosalakwa, chifukwa dzina lake lingayeretsedwe msanga m'malo mokhala chaka chonse akunyozedwa.

Atolankhani nawo asamakhale chitoliro cha onong'oneza. Wolemba kuti timu yakuti ikufuna wosewera wakuti alembenso momveka chimene wosewerayo akuganiziridwa, ndi anthu angati akudandaula, komanso amene wapindula ndi kutuluka kwa mphekeserayo. Ochemerera nawo ali ndi mphamvu kuposa mmene amaganizira, popeza eni matimu amayamba awerengera ngati matikiti ndi majezi adzagulidwabe. Ku Cleveland alipo amene anakana kuomba m'manja. Malondawo atalengezedwa, anthu ambiri anatumiza thandizo la ndalama ku Cleveland Rape Crisis Center, bungwe lothandiza ogwiriridwa mumzindawo, ndipo ena anasiyiratu kuchemerera timu imene anakula nayo.

Anyamata amene amaonera masewera amaphunzira zambiri kuposa kuponya ndi kuwakha mpira. Amaona amene akulipidwa, amene akukhululukidwa ndi amene akuuzidwa kuti akhale chete. Atsikana nawo amaona zomwezo, n'kudziwa kulemera kwa mawu awo tsiku limene adzalimbe mtima kudandaula za munthu wotchuka. Mphekesera ina ikadzabuka yoti timu yakuti ikufuna katswiri wokhala ndi "mavuto akunja kwa bwalo", funso loyamba lisadzakhale loti apereka zingati. Tidzayambe tafunsa kuti mavutowo ndi otani, anagwera ndani, ndipo alipo amene wapita kukamumva mwini dandauloyo.